Chinsalu, chisakasa ndi womasulira: momwe Amalawi akhala akuonera kanema

Amalawi ambiri amene lero ali ndi imvi sadaonere kanema wawo woyamba m'holo ya mipando yofewa. Adamuonera pabwalo la mpira la sukulu ya pulayimale, atakhala pafumbi, galimoto ya boma itaima pambali, jenereta ikulira kuseri kwake. Ana awo adamuonera m'chisakasa cha mphasa kuseri kwa msika, atathinana pabenchi, maso ali pa wailesi ya kanema yosanjikidwa pamwamba pa kabati. Mibadwo iwiriyi ikakhala pansi n'kuyamba kukumbutsana, mayina a mafilimu amasiyana, ndalama yolowera imasiyananso, koma onse amatchula munthu mmodzi: uja ankayankhula chithunzi chili mkati, kuuza anzake m'chiyankhulo chawo zimene zikuchitika. Nthawi zina adali wolembedwa ntchito ndi boma, nthawi zina mnyamata wamba amene filimuyo adaionerapo kale kangapo. Mbiri ya kuonera kanema m'dziko muno ndi mbiri ya munthu ameneyu ndi ya khamu limene linkamuyankha.

Ambiri mwa Anyasa oyamba kuona zithunzi zoyenda adakaziona kutali ndi kwawo. Msonkho ndi kusowa kwa ntchito yolipira bwino zidathamangitsira amuna zikwizikwi ku Halale, ku Wankie, ku migodi ya kopa ya ku Northern Rhodesia mpaka ku Joni, ena kudzera ku Wenela, ena pa selufu. Ku Johannesburg kudali mmishonale wa ku America, Ray Phillips, amene chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920 ankazungulira m'makomboni a migodi ya golide ndi makina oonetsera kanema. Eni migodi adamuthandiza ndi ndalama chifukwa adawerengera kuti munthu amene wakhala pansi kuonera Charlie Chaplin sapita kumowa kapena kumsonkhano wa sitiraka. Filimu iliyonse inkayamba yapimidwa, ndipo zimene azungu ankati n'zosayenera maso a Mwafirika zinkadulidwa. Anthu a m'migodi sadadikire kuuzidwa kuti Chaplin ndi ndani. Adamupatsa dzina lawo, Sidakwa, chifukwa cha kuyenda kwake kwa dzandidzandi. Patapita nthawi mitima yawo idasamukira kwa anyamata a pa akavalo, ovala zipewa zazikulu ndi mfuti m'chiuno, ma cowboy a ku America.

Ku Copperbelt, kumene Anyasa ambiri ankagwira ntchito za ukalaliki ndi zamumgodi, ma cowboy adalowa m'magazi. Mayi wina wofufuza za chikhalidwe cha anthu, Hortense Powdermaker, adakhala ku Luanshya mu 1953 ndi 1954, ndipo m'buku lake Copper Town adafotokoza za khamu limene linkadzadza pabwalo la kanema. Chingerezi cha m'filimu sichinkamveka n'komwe chifukwa cha phokoso la oonera: ena akuchenjeza ngwazi kuti mdani ali kumbuyo, ena akuponya zibakera m'malere, ena akufotokozera anzawo. Ngwazi ya m'filimu iliyonse ankangoitchula kuti Jack, ndipo ana a m'makomboni ankathamangitsana ndi timfuti tamitengo akukuwa kuti "Jeke! Jeke!" Komiti yopima mafilimu ya kumeneko idali ndi mndandanda wa zodula: akazi ovala mosakwanira, kukumbatirana kwa nthawi yaitali, akazi akumenyana, mzungu akumangidwa ndi anthu amtundu wina, ngakhale anthu ovala zophimba kumaso. Filimu ikadutsa m'lumo lotere nkhani yake inkatsala ndi mipata ikuluikulu. Mipatayo ankaitseka ndi oonera eniake, aliyense ndi nzeru zake, mokweza mawu. Amuna aja pobwerera kwawo ku Dedza, ku Mzimba kapena ku Nkhata Bay ankanyamula njinga, bulangete ndi galamafoni, komanso nkhani za Jeke zimene ankasimba pamoto.

Kumidzi kuno kanema adafika atanyamula phunziro. Mu 1935 bungwe la International Missionary Council, ndi ndalama za Carnegie Corporation ya ku America, lidayambitsa ntchito yotchedwa Bantu Educational Kinema Experiment. Oitsogolera adali L. A. Notcutt ndi G. C. Latham, ndipo likulu lawo lidali ku Vugiri, m'mapiri a ku Tanganyika. Pofika 1937 adali atajambula mafilimu 35: za msonkho, za kusunga ndalama ku positi ofesi, za tiyi, za zikopa, za njoka zam'mimba, ndi ina ya kalulu ndi nyalugwe. Lole yawo idayenda mu Tanganyika, Kenya, Uganda, Northern Rhodesia ndi Nyasaland. Mafilimuwo adali opanda mawu, choncho mawu ofotokoza ankawajambula padera pa mbale za galamafoni m'ziyankhulo zingapo, Chinyanja ndi Chitumbuka zili momwemo. Mbale ikathamanga kapena kutsalira, mawu ndi chithunzi zinkasemphana. Mwa mafilimu 35 aja atatu okha ndi amene adapulumuka, ndipo akusungidwa ku London.

Ntchito yaikulu idayamba mu 1948 pamene idakhazikitsidwa Central African Film Unit, likulu lake ku Salisbury, kuti izipangira mafilimu Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland. Mkulu wake adali Alan Izod, ndipo mmodzi mwa ojambula ake odziwika adali Stephen Peet. Pofika 1963 adali atatulutsa mafilimu oposa 600. Maganizo amene ankawatsogolera adachokera kwa William Sellers wa Colonial Film Unit ya ku London, amene ankaphunzitsa kuti Mwafirika wa kumudzi amasokonezeka chithunzi chikamasintha msanga, choncho filimu yake izikhala yoyenda pang'onopang'ono ndi ya nkhani imodzi yokha. N'zopweteka kuwerenga zimenezi lero, podziwa kuti nthawi yomweyo abale a anthu omwewo ankatsatira bwinobwino akavalo othamanga ku Luanshya. Nkhani za mafilimuwa zinkafanana: alimi awiri, wina womvera alangizi amene akukolola n'kugula ngolo, wina wamakani amene akugwa m'mavuto. The Two Farmers idali yotero. Mulenga Goes to Town inkachenjeza mnyamata wa kumudzi za akathyali a m'tauni.

Koma amene adakhalapo pa usiku wa kanema sakumbukira kwenikweni phunzirolo. Amakumbukira tsikulo. Uthenga unkadzera kwa amfumu kapena kwa aphunzitsi aakulu kuti Lachinayi kubwera kanema. Dzuwa likamapendeka ana ankakhala atatchera kale khutu kumsewu, ndipo fumbi likangooneka onse ankaliyatsa liwiro kukaichingamira galimoto. Amayi ankapikula nsima msanga. Amuna awiri kapena atatu ankakunga chinsalu choyera pamitengo, n'kuika chimkuzamawu padenga la galimoto, n'kuyamba kuliza nyimbo zoitanira a midzi yakutali. Ana ankakhala kutsogolo kwenikweni, amayi mbali yawo ndi makanda kumsana, abambo ataimirira kumbuyo atagwirira njinga zawo, amfumu pampando wa ndalema. Osowa malo ankazungulira kuseri kwa chinsalu, poti kuwala kunkadutsa ndipo chithunzi chinkaonekanso, kungoti wakumanja ankasanduka wakumanzere. Mdima ukagwira, jenereta inkalira, mzere wa kuwala n'kudutsa pamwamba pa mitu ya anthu, tizilombo tikuuluka m'menemo. Mwana wina sankalephera kukweza dzanja kuti aone mthunzi wa zala zake pachinsalu, n'kulandira khofi kuchokera kwa wamkulu wa kumbuyo kwake. Gudumu la filimu likatha kapena filimu ikaduka pakati, malikhweru ankalira mpaka woyendetsa makina alumikize.

Pambali pa makinawo pankaima womasulira ndi maikolofoni. Mafilimu ambiri oyambirira a ku Salisbury adalibe mawu dala, kuti filimu imodzi ithe kuonetsedwa kwa Ashona, Abemba ndi Achewa. Womasulira ankapatsidwa pepala la zoti anene, koma pepala silingagwire khamu la anthu mazana angapo panja usiku. Womasulira waluso ankawapatsa mayina akumudzi anthu a m'filimu, ankayankhulitsa ng'ombe, ankaponya mwambi pamene mlimi wamakani uja wagwa, ndipo anthu akaseka ankawonjezera. Kawirikawiri bwana wachizungu sankamva zonse zimene zikunenedwa. Wolemba mbiri James Burns, m'buku lake Flickering Shadows, adaonetsa momwe akuluakulu a boma ankadandaulira kuti omasulira ndi oonera akupotoza uthenga, mpaka nthawi zina anthu ankachemerera munthu amene filimu inkafuna kuti amunyoze.

Chitaganya cha Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland chitayamba mu 1953, magalimoto omwewo adayamba kunyamula nkhani zotamanda boma la ku Salisbury. Anthu sadachedwe kuzindikira. Dr. Hastings Kamuzu Banda atabwera pa 6 July 1958, ndipo makamaka boma litalengeza za chitetezo chapadera pa 3 March 1959, chilichonse chonunkha chitaganya chidayamba kukanidwa, ndipo m'madera ena a Nyasaland ndi Northern Rhodesia galimoto ya kanema idaleka kulandiridwa. Chitaganya chidatha pa 31 December 1963, Central African Film Unit n'kuthera pomwepo.

Boma latsopano la Dr. Banda silidataye chinsalu. Nthambi yofalitsa nkhani idali ndi ojambula ake, ndipo kumidzi kudayamba kufika zithunzi za Ngwazi ikuyendera mbewu m'minda, mbumba ikuvina, misewu ndi milatho ikutsegulidwa, mzinda wa Lilongwe ukumangidwa. Unduna wa zamalimidwe udali ndi magalimoto ake achikasu amene alimi akale sadawaiwale. Masana ankaonetsa sewero la zidole zoyankhula, usiku kanema wa kapoperedwe ka thonje, kathiridwe ka feteleza ndi kasungidwe ka chimanga m'nkhokwe. Pofuna kuti anthu asabalalike, filimu yoseketsa kapena yampira ankaisunga kumapeto. Ana a sukulu zogonera komweko adali ndi mwayi wina: Loweruka madzulo matebulo a m'holo yodyera ankakankhidwira kukhoma, mphunzitsi wa sayansi n'kulimbana ndi pulojekita, n'kuonetsa filimu yobwereka kutauni.

M'mizinda mudali maholo enieni a kanema, ndipo lotchuka koposa lidali Apollo mu Blantyre. Kudalinso malo oonera kanema munthu ali m'galimoto yake. Kwa kalaliki wachinyamata wa ku Ndirande kapena ku Soche, kutengera chibwenzi ku Apollo kumapeto kwa mwezi idali nkhani yokonzekera: suti yositidwa, nsapato zopukutidwa, tsitsi lometedwa bwino, pakuti lamulo la kavalidwe la 1973 lidaletsa akazi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, ndipo amuna a tsitsi lalitali ankametedwa mokakamiza. Filimu isanayambe pachinsalu pankaoneka Kamuzu akubayibitsa anthu, nyimbo ya fuko ikuimbidwa, holo yonse itaimirira.

Ndipo lumo lija silidapite ndi atsamunda. Mu 1968 nyumba ya malamulo idakhazikitsa Censorship and Control of Entertainments Act, ndipo bungwe la Censorship Board lidapatsidwa mphamvu pa buku, nyimbo, sewero ndi filimu iliyonse. M'zaka 7 ndi theka zoyambirira lidaletsa mabuku oposa 840, magazini oposa 100 ndi mafilimu 16. Mafilimu oletsedweratu adali ochepa chifukwa ambiri ankangodulidwa. Mwamuna ndi mkazi akangoyandikizana milomo, chithunzi chinkalumpha, n'kuwapeza ali pamsewu tsiku lotsatira. Oonera ankadziwa chimene chachotsedwa, ndipo malikhweru awo m'kati mwa mdima adali amodzi mwa madandaulo ochepa amene munthu ankatha kupereka pagulu popanda kutengedwa usiku. Wailesi ya kanema ya dziko kudalibe. Mabanja opeza bwino amene adagula makina a vidiyo m'zaka za m'ma 1980 ankayenera kutumiza matepi awo ku bungwe lija kuti akapimidwe ndi kumatidwa chizindikiro.

Riferendamu ya pa 14 June 1993 ndi chisankho cha pa 17 May 1994 zidatsegula zipata zambiri nthawi imodzi. Malonda a m'misewu adachuluka, katundu wa ku Joni, ku Dar es Salaam ndi ku Dubai adasefukira, mantha adachepa. Munthu wokhala ndi wailesi ya kanema, deki ndi matepi khumi adazindikira kuti ali ndi bizinesi m'manja. Ku Ndirande, Bangwe, Mbayani ndi Zingwangwa, ku Kawale, Mchesi ndi Chinsapo, ku Chibavi, ku Chinamwali, mpaka m'misika ya m'mbali mwa msewu monga Lunzu, Lizulu, Mponela ndi Jenda, kudamera mavidiyo. Kumene kudalibe magetsi ankagwiritsa jenereta kapena batire ya galimoto. Maholo akuluakulu a m'tauni, amene adali atayamba kale kufooka, sadathe kupikisana ndi chisakasa cholowera matambala.

Vidiyo inkadziwika ndi khutu munthu asanaione. Mwini wake ankaika sipika panja dala, kuti kulira kwa mfuti ndi kukuwa kwa omenyana kuzimveka mpaka kumsika wa tomato. Pakhomo pankatsamira bolodi lakuda lolembedwa ndi choko: 10 koloko Rambo, 12 koloko Commando, 2 koloko Jet Li, madzulo Van Damme. Dzina la filimu silinkafunika kwenikweni, anthu ankatsata dzina la womenya. Khomo lenileni lidali chiguduli kapena bulangete lakale, ndipo pambali pake pankakhala mnyamata wotolera ndalama, wodziwa nkhope ya mwana aliyense amene adalowapo mozemba. M'kati mudali mdima ngakhale masana, kutentha, fungo la thukuta ndi la chimanga chootcha, makoko a mtedza ndi zotafuna za nzimbe pansi. Mabenchi adali matabwa okhomedwa pa zipika. Akuluakulu ankakhala kumbuyo, ana pansi kutsogolo makosi ali chagada. Opanda ndalama ankaboola kabowo pamphasa n'kumasinthana diso, mpaka mwini vidiyo awatulukire ndi kamtengo. Ndalama yolowera inkachokera kutali: kutola mabotolo, kusenzera amayi katundu pamsika, ganyu yotunga madzi, ndipo nthawi zina chenje cha mchere chimene sichinkafika kunyumba chokwanira.

Tepi yoonetsedwa kambirimbiri inkayamba kugwa mizere ngati mvula ya mawawa, ndipo khamu linkakuwira mwini wake kuti akonze. Deki ikatafuna tepi, ankaitsegula pamaso pa onse, kukoka riboni mosamala, kudula pophwanyika, kumata ndi selotepi, n'kuzungulitsa ndi chala. Magetsi akathima filimu ili pakati pankabuka mlandu: abweze ndalama kapena anthu adikire? Eni mavidiyo anzeru ankalemba manambala patimapepala kuti anthu adzamalize mawa.

Mafilimu ake adali a Bruce Lee, makamaka Enter the Dragon ya 1973, a Jackie Chan, a Chuck Norris monga Missing in Action ndi The Delta Force, First Blood ya Sylvester Stallone, Commando ya Arnold Schwarzenegger ya 1985, Bloodsport ndi Kickboxer za Jean-Claude Van Damme. Achimwenye nawo adali ndi anthu awo, ndipo Disco Dancer ya Mithun Chakraborty idasiya dzina la Jimmy pakamwa pa ana ambiri. Chingerezi cha ku America chotuluka m'sipika yong'aluka sichinkamveka ngakhale kwa wa Fomu 4, Chitchaina ndi Chihindi ndiye osanena. Apa ndi pamene womasulira uja adabadwanso, tsopano wopanda maikolofoni ndi wopanda malipiro. Pabenchi lililonse pankapezeka mnyamata amene adaionera kale.

"Uyu ndi mchimwene wake wa ekitala, amupha pompano. Ndiye muone mmene akwiyire."

"Aise, tatseka pakamwa, tione tokha!"

"Iwe ukumva chiyani? Akunena kuti abwezera. Dikira atulukire bwana wa adani."

Zambiri zimene ankamasulira zidali zongopeka poona nkhope ndi manja, koma zinkagwirizana ndi chithunzi, ndipo ena onse ankazitenga n'kukazisimba kusukulu ngati mawu enieni a Rambo. Lamulo lalikulu aliyense ankalidziwa: ekitala safa. Filimu imene ekitala wafa inkatengedwa ngati chinyengo, ndipo anthu ankatuluka akudandaula ndalama yawo. Potuluka, maso akulephera kupenya dzuwa, ana ankayamba pomwepo kuponyerana mateche pafumbi, nsanza itamangidwa pamphumi, ena atapanga zida za Bruce Lee ndi timitengo tiwiri ndi tcheni cha njinga. Mayina a Rambo, Commando ndi Chuck Norris adasanduka mayina a anyamata a pamsika, a agalu olusa ndi a maminibasi.

Wofufuza wina, Jonathan Gray, adadzacheza m'mavidiyo a kuno ndipo mu 2011 adalemba za njira imene mafilimu a Steven Seagal adafikira ku Malawi. Yankho lake lidali lakuti makampani a ku Hollywood sadavutikepo kudzagulitsa mafilimu awo kumsika waung'ono ngati uno. Adawafikitsa ndi amalonda a zimbale zokopera, zija za mafilimu 10 kapena 20 pa chimbale chimodzi, zodutsa m'manja ambiri zisanafike pa mphasa ya wogulitsa mu Limbe.

Mbali yoipa idalipo, ndipo makolo amene ankadandaula sankanama. Ana ankathawa m'kalasi n'kubisa yunifolomu m'thumba. Mavidiyo ena usiku ankaonetsa zolaula osayang'ana msinkhu wa olowa. Mafumu ndi makomiti a sukulu m'madera ambiri adakhazikitsa malamulo oletsa ana kulowa nthawi ya maphunziro, apolisi ndi a Censorship Board ankalanda zipangizo nthawi ndi nthawi. Komabe kungoona mavidiyo ngati malo oononga ana n'kusaona zonse. Kwa mnyamata wa ku Mtandire amene kwawo kudalibe magetsi, laibulale kapena bwalo lamasewero, m'chisakasa muja ndi momwe adaonera koyamba chipale chofewa, sitima yapansi pa nthaka ndi nyanja yamchere, ndipo palibe boma kapena mpingo umene udamusankhira choti aone.

Amayi ndi atsikana sankalowa kawirikawiri m'mavidiyo. Iwo kanema adawapeza m'njira zina. Ina idali filimu ya Yesu ya 1979, yomasuliridwa m'Chichewa, imene mipingo ndi mabungwe achikhristu ankazungulira nayo m'midzi ndi chinsalu ndi jenereta, monga ankachitira a boma kale. Pofika pa kukwapulidwa ndi kupachikidwa, amayi ankalira mokweza ngati pamaliro, ena akukalipira asilikali achiroma. Kwa ambiri aka kadali koyamba kuona munthu wa pachinsalu akutsegula pakamwa n'kutuluka Chichewa. Filimu ya ku Zimbabwe ya Neria, yokamba za mayi wamasiye wolandidwa chuma ndi achibale a mwamuna wake, idakhudzanso mitima chifukwa nkhaniyo idali ya pakhomo pa aliyense.

Television Malawi idatsegulidwa pa 1 April 1999, mu ulamuliro wa Bakili Muluzi, ndipo mawailesi a kanema adayamba kuchuluka m'nyumba. Nthawi yomweyo adafika mafilimu a ku Nigeria pa zimbale zotsika mtengo. Nyumba imodzi yokhala ndi kanema inkadzadza ndi mzere wonse wa nyumba za lendi: amayi pamkeka akusadzula ndiwo, ana pawindo, mwini nyumba akudandaula za mipando yake koma osathamangitsa munthu. Apa womasulira sankafunika kwambiri. Apongozi ankhanza, mitala, ufiti, m'busa wotulutsa ziwanda, mwana wopita kutauni n'kulemera modabwitsa, zonsezi zidali zodziwika. Patience Ozokwor ankatukwanidwa m'nyumba za ku Chilomoni ngati mpongozi weniweni. Osita Iheme ndi Chinedu Ikedieze, a mu Aki na Ukwa ya 2002, ankaseketsa ana ndi agogo omwe. Mawu oti igwe ndi oga adalowa m'macheza a tsiku ndi tsiku.

Makompyuta atatsika mtengo, mnyamata wa pabenchi uja adapeza maikolofoni yake. M'timashopu ta m'misika achinyamata adayamba kutenga mafilimu a ku China, India, Korea ndi America, kutsitsa mawu ake, n'kujambulirapo Chichewa. Munthu mmodzi amayankhulira onse, mfumu, mkazi wake ndi wantchito, akusintha mawu. Amawapatsa mayina a kuno, mzinda wa ku China n'kusanduka Lilongwe, msilikali wakale n'kumadandaula za mtengo wa feteleza, ndipo pakati pa nkhondo womasulira amatha kulengeza dzina la shopu yake. Odandaula alipo: ena amati amatukwana, ena amati amapotoza nkhani, ndipo eni mafilimuwo salandira kanthu. Zonsezo n'zoona. N'zoonanso kuti luso la anyamatawa, la kugwira khamu ndi mawu okha, ndi lomwe lija la womasulira wa pagalimoto, kungoti tsopano palibe bwana womulembera pepala. Agogo a ku Ntchisi amene sadapite kusukulu akutha kutsatira nkhani yachilendo ya zigawo 40 kuyambira poyamba mpaka pomaliza, n'kumatsutsana ndi adzukulu awo za amene ali wolakwa.

Mafilimu opangidwa ndi Amalawi adakulira m'nthaka yomweyi. Izeki ndi Jakobo, amene adali John Nyanga ndi Eric Mabedi, Winiko wa Bon Kalindo, ndi sewero la Tikuferanji la Michael Usi, wodziwika kuti Manganya, adachokera pasiteji ndi pawailesi n'kulowa pa kanema ndi pa zimbale. Shemu Joyah, katswiri woyeza malo amene adalowa m'mafilimu ndi ndalama za m'thumba mwake, adatulutsa Seasons of a Life, kenako The Last Fishing Boat mu 2012 ndi The Road to Sunrise mu 2017, imene idapambana mphotho ya Africa Magic Viewers' Choice ya filimu yabwino ya kummwera kwa Africa mu 2018. Joyce Mhango Chavula adali atalandira kale mphotho yomweyo mu 2016 ndi filimu yake ya Lilongwe. Mu 2019 Chiwetel Ejiofor adatulutsa The Boy Who Harnessed the Wind, nkhani ya William Kamkwamba, yojambulidwa kwawo ku Kasungu ndipo mbali yaikulu ili m'Chichewa. Amalawi adainyadira, koma adakhalanso masabata akukambirana za katchulidwe ka Chichewa ka alendo amene adasewera m'menemo.

Vuto la opanga mafilimu a kuno ndi la kofikitsira ntchito yawo. Filimu imakhazikitsidwa usiku umodzi m'holo ya hotela ku Blantyre kapena ku Lilongwe, pa mtengo umene wogulitsa makala sangaufikire, ndipo ya Ejiofor idapita pa Netflix, imene imafuna intaneti yamphamvu ndi khadi ya kubanki. Mavidiyo ambiri masiku ano amadalira mpira wa ku England, mafilimu n'kumaonetsedwa masiku opanda masewero. Anthu ochuluka amapita ndi memori khadi kapena fulashi kwa wobena pamsika, kulipira ndalama yochepa, n'kukaonera pafoni, anthu anayi kapena asanu atazinga kagalasi kamodzi. Ndalama imeneyo siifika kwa amene adajambula. Lamulo la umwini wa zaluso la 2016 lidayesa kutseka mpatawo poika kamsonkho pa zipangizo zosungira ndi kukopera, monga mafoni ndi mafulashi, ndipo bungwe la COSOMA limagawa ndalamazo kwa oimba, olemba ndi opanga mafilimu. Zimathandiza, koma sizikwana kulipira kamera, galimoto ndi chakudya cha ochita sewero kwa mwezi wathunthu, n'chifukwa chake ambiri mwa opanga mafilimu a ku Malawi akadali ndi ntchito ina imene imawadyetsa.